Chilumba Chopanda Madzi

Kumtunda kwa Namwera kuli chilumba chopanda madzi.
Musafunse za bwato, mufika wapansi,
kudutsa minda ya fodya, zitsa, zitsa, zitsanso,
mpaka mthunzi ukugwereni pamapewa mwadzidzidzi
ngati chitenje choponyedwa ndi mlongo wanu.
Mitengo mazana atatu ndi isanu ndi umodzi. Tinawerenga.
Abiti Wisiki ankamanga kansanza pa uliwonse
kuti tisabwereze.

Ine ndine Twaibu, wa kabaza.
Zaka zisanu ndi ziwiri njinga yanga yatsika phiri ili
ndi matumba atatu a makala kumbuyo,
mabuleki akulira m'makhotakhota a ku Chowe,
ine ndikuwerengera ndalama m'mutu.
Wodula msuku si ine, ndinkatero,
ine ndimangonyamula.
Nkhwangwa inali ndi mwini wake,
koma utsi unkagona m'malaya anga.

M'chilumbamo ndimo timamanga ndagala
anyamata akakula msinkhu.
Ndimo Akatolika amakwera chogwada m'nyengo ya Lenti,
ndipo pathanthwe lomwelo ife timasuzumira mwezi wa Idi.
Tinakanganapo za thanthwelo, chaka cha dzombe lija,
wina atapakapo mtanda wa laimu.
Mvula inadzaweruza yokha.

Tsiku limene thirakitala inabwera linali Lachisanu.
Anasankha dala: amuna onse tili ku Juma,
nsapato zili mbwee pakhomo la mzikiti.
Anaiwala kuti amayi a Mvano Lachisanu amakhala kudimba.
Mayi Edinesi anakhala pansi pakati pa msewu,
khasu pamiyendo, matope mpaka m'mawondo,
anzawo asanu ndi mmodzi pambali,
nayamba nyimbo ya maliro popanda womwalira.

Tinaimva kudzera pazenera.
Shehe Mtalika anadula ulaliki pakati,
zimene sanachitepo chimerere ndevu.
Tinathamanga, aliyense ndi nsapato za mnzake.
Ine ndinafika ndi patapata ziwiri zakumanzere.

Woyendetsa anali kamnyamata ka ku Ntaja,
milomo youma, pepala la chidindo likunjenjemera m'manja.
Akuti pano pakhala pophwanyira miyala.
Ine ndangotumidwa, bambo, kanatero,
ine ndimangoyendetsa.
Ndinayang'ana pansi, pa patapata zija.
Mawuwo ndinkawadziwa kukoma kwake,
ndinawatafunapo zaka zisanu ndi ziwiri.

Palibe anaponya mwala.
Abiti Wisiki anakapatsa madzi m'chikho ndi chinangwa chootcha,
kanadya, kanatembenuza chitsulo chake, kanapita.
Mlandu uli kuboma mpaka lero.
Tapitako kanayi, kanayi konse bwana ali kumsonkhano.

Tsopano Loweruka lililonse timakwera.
Ana a madarasa ndi a Sande sukulu kutsogolo,
kulimbirana bowa, kutchula mbalame mayina olakwika,
ife kumbuyo ndi mbande za mbawa m'mapepala a shuga.
Tinabzala makumi asanu ndi atatu.
Mbuzi za Che Likisi zinadya theka,
Che Likisiyo ali m'komiti.
Pamwamba timakhala chete pang'ono, aliyense ndi Mulungu wake,
kapena ndi mpweya wake chabe, poti chitundacho si chamasewera.
Mphepo ikawomba masamba amalira ngati mafunde,
pansi apo minda yofiira yazungulira mbali zonse,
ndiye mumvetse chifukwa chake timati chilumba.

Njinga yanga tsopano imakwera ndi katundu, kutsika yopanda kanthu.
Mayi a kunyumba afunsa ngati mbawa imagula sopo.
Sindinapeze yankho.

Dzulo tawerenganso.
Mazana atatu ndi inayi.
Zitsa ziwiri zikadali kudontha utomoni,
tinsanza ta Abiti Wisiki tili pansi, topondedwa,
ndipo pafumbi pali mkwasa wa tayala la njinga
lokhala ndi chigamba chopingasa.
Chigambacho ndinamata ndine, mwezi wathawu,
pa njinga ya mng'ono wanga Sumani,
amene mkazi wake ali ndi pakati.

Ndinafufuta mkwasawo ndi phazi anzanga asanafike.
Usiku uno ndipita kwawo.
Sindikudziwa ngati ndinyamule mawu
kapena mbande.