Mzinda wa Pakhonde

Mvula ya ku Mzuzu sibwera ndi ukali,
imangowaza, kuwaza, ngati waganyu wothirira dimba la eni,
mpaka uiwale kuti kumwamba kuli dzuwa.
Lero njinga yanga yatsamira khoma,
mpando wakumbuyo wamwa madzi ngati siponji.
Ndani angakwere sakaramento m'matope a Mchengautuwa?
Ndiye ndatsala pakhomo ndi awiriwa,
ndi lamulo limodzi lokha:
amama agona, achokera ku naiti.

Uchizi wabwera ndi dothi lofiira m'chigubu chodula,
wakumba kuseri kwa bafa, pomwe ndimamuletsa paja.
Fiskani, wa zaka zitatu, wakhuthula chuma chake chonse:
zitsekerero za mabotolo khumi ndi chimodzi,
bokosi la machesi, supuni yothyoka khosi,
ndi batani la malaya anga
lomwe ndakhala ndikulisaka chichokere Isitala.

Timange tauni, adada, akutero Uchizi monong'ona.

Chivundikiro cha mafuta odzola chasanduka raundabauti,
chitsononkho chaima pakati, ndiye wotchi ija,
nthawi yake tailemba ndi khala, sidzasuntha.
M'bokosi la machesi mwadzaza timitengo,
lole yochokera ku Chikangawa yalemedwa ndi matabwa,
dalaivala wake akuliza injini ndi milomo yotseka.
Madontho a padenga adzikumbira okha kanjira,
tangowapatsa dzina: Lunyangwa.
Ine ndapinda waya, kanjinga kopanda tcheni,
Fiskani wakweza nyemba imodzi kupita ku Katoto
nandilipira ndi batani langa lomwe.

Kenaka wabwerera m'mbuyo osayang'ana
nakhalira Luwinga yense.
Mafakitale, sitolo, tchalitchi cha dzulodzulo,
zonse zamatirira pa kabudula.
Taseka ndi mapewa okha,
manja pakamwa, misozi m'maso,
kuseka kwa akuba.

Uchizi sanaseke nthawi yaitali.
Ali pakona ndi katoni ya sopo,
lilime panja, akumata, akusalaza ndi chala chonyowa.
Ichi n'chipatala, akutero.
Mawindo ajambula bwino, ngakhale thanki ya madzi ilipo,
koma chitseko wachimata ndi dothi lochindikala.
Nanga odwala alowera pati, mwanangu?
Masana timatsegula.
M'tauni mwanga mulibe wodwala usiku.

Ndinafuna kumuuza za fizi, za lendi ya a Nyirenda,
za malungo osadziwa kuwerenga wotchi.
Ndangotola kadothi n'kumakapotokola m'manja
mpaka kasanduka kanthu kopanda dzina.

Chitseko chalira. Nyaukandawire watulukira,
chitenje m'khwapa, maso ofiira ngati dothi lomweli,
tsaya lili ndi mizere ya pilo.
Wadumpha Katoto, walambalala msika,
wanjuta pafupi ndi katoni ija
nayang'ana nthawi yaitali kuposa momwe katoni imafunira.
Palibe wamufotokozera.
Watenga kamtengo ka machesi pa lole ya Fiskani,
waboola kabowo pambali pa chitseko,
kochepa ngati diso la nkhuku.
Apa mpogogodera, wanena,
mayi wina akabwera ndi mwana wotentha thupi.
Uchizi waganiza, waganiza, mphuno itakwinyika.
Mmodzi yekha, wayankha.
Mmodzi yekha, avomera amake.

Madzulo mvula yalowa mpaka pakhonde.
Wotchi yagwa chagada, nkhuku yadya pasenjala wathu,
Lunyangwa wasefukira mpaka pamphasa.
Ndapukuta mpando wa njinga ndi thaulo la ana
kuti ndimuperekeze wa nsapato zoyera.
Pokwera chitunda wandigwira m'chiuno,
ndipo pounika galimoto yodutsa ndaona dzanja lake:
m'chikhadabo cha chala chaching'ono
mwatsalira dothi lofiira,
likupita nawo ku naiti.