Thako la Mfuti ya Keyala

Anabwera nayo Lachiwiri, chizimalupsa chitangokata,
Kopolo Mtambalika wa ku Kobe,
ataikulunga m'bulangete ngati mwana wamalungo.
Anaigoneka pa benchi yanga pano pa Chinamwali,
pakati pa bokosi la maliro losatha ndi miyendo ya bedi.

"Musaope, Che Ndembo," anatero,
"mpope wake anautseka ndi mtovu ine ndisanabadwe.
Siilankhulanso.
Tikungofuna ikaoneke pa chipilala Novembala uno."

Mbawa ndimaidziwa, mlombwa ndimaudziwa,
paini wa paphiripa ndimamuzindikira ndi mphuno.
Koma mtengo uwu sindinauonepo uli ndi masamba.
Unamera kwina, kozizira,
unawoloka nyanja uli m'bokosi,
lero wang'aluka kuyambira pakhosi mpaka kuthako
ngati zikang'a za m'chilimwe.
Pogwira dzanja lamanzere pafumbwa;
ukagogodapo pamathothoka ufa.

Masikuluwu anandikanira masiku awiri.
Ndinawamwetsa palafini, ndinawanyengerera,
tsiku lachitatu analola, akulira.

Kuthako kuli kachitseko ka mkuwa,
mkati mwake dzenje, mosungira mafuta, ati.
Ndinapisamo waya.
Simunatuluke mafuta.
Munatuluka mikanda isanu, yoyera, pa ulusi wofwifwa,
yonga ija mkazi amadula m'chiuno
tambala woyamba asanalire, lole ikudikira kumsewu.
Disi, mnyamata wanga, anaseka.
Ndinamutuma guluu ku Mpondabwino
ngakhale guluu analipo.

Chowola ndinachisema ndi tchizulo, pang'onopang'ono,
n'kulekeza pomwe mtengo wayamba kukana.
Chigamba ndinadula ku chitseko chakale cha mlombwa,
cha nyumba ya malemu bambo ku Namadidi;
chinauma zaka makumi anayi, sichingapotokenso.
Kupala, kuyesa, kupala,
kupaka choko kuti ndione pogunda,
kupalanso.
Guluu. Zikhomo ziwiri za nsungwi, msomali ayi.
Kenaka kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga
n'kuisiya igone.

Mlombwa ndi wofiirira, mlendoyu ngwakuda.
Ndinawayanjanitsa ndi tiyi wowawa ndi mwaye wa koloboyi,
mafuta ndikupaka ndi chikhatho mpaka chitatentha.
Wodziwa mitengo adzaona msoko ndithu.
Aone.

Chinandivuta n'china.
Pambali pa thako pali timizere ta mpeni,
khumi ndi tinayi, kotsiriza kosamaliza.
Kopolo anali atanena, "Mupitsepo sandipepa, pasalale."
Kodi ndi miyezi imene munthu ankawerenga ku Bama?
Makalata amene sanayankhidwe?
Kapena ndi zija sitiwafunsa madala a mamendulo
akakhala padzuwa, maso ali patali, milomo ikutafuna chabe?
Sandipepa ndinamugwira.
Ndinamuika pansi.
Ine amandilipira kukonza chothyoka,
ndipo apa sipanathyoke.

Loweruka madzulo, Disi ataweruka,
ndinaikweza paphewa,
ine amene sindinaphepo ngakhale njiwa ndi legeni.
Tsaya langa linagwera m'kachigwa kosalala
komwe tsaya la munthu wina linakumba ndi thukuta.
Anali wamfupi kuposa ine;
ndinachita kuwerama kuti ndimupeze.
Kutsogolo kwa mpope kunali phiri,
nkhungu ikutsetsereka ku Mulunguzi,
ndi mwana wa eni ake akuthamangitsa gudumu.
Ndinaitsitsa msanga.

Mikanda ndinaibwezera momwe inali.
Ulusi sindinasinthe.
Kachitseko ndinatseka, masikuluwu omwe aja.

Lolemba Kopolo anaitembenuza uku ndi uku,
chala chake chinaima pa timizere tija,
anandiyang'ana, sananene kanthu.
Pa lisiti ndinalemba:
guluu, mafuta, chigamba chimodzi, ntchito.
Ananenerera mtengo, monga onse amachitira,
ndinamuchotserako ya minibasi.

Atapita ndinasesa.
Ufa wa mtengo wachilendo ndi tizipale ta chitseko cha bambo
zinali mulu umodzi pansi pa benchi,
ndipo bokosi lija linali likudikirabe chivindikiro.