Zala Ziwiri

Zidayamba ndi zala ziwiri zakumapeto,
kanise ndi chinzake.
Ndikatuluka m'damu, thaulo pakhosi,
zinkakhala ngati za munthu wina
amene wandibwereka dzanja osanena tsiku lodzalitenga.

A Likoswe ankati ndi kuzizira basi.
Zoonadi chiperoni cha Julaye chikatsika ku Soche
madzi amaluma ngati ali nawe chifukwa.
Ankaimba wenzulo, ine n'kudumphiramo,
mamita zikwi zinayi dzuwa lisanaoneke ku Ndirande,
mkono pamwamba, mkono pansi,
kupuma kumanja, kupuma kumanja.

Koma Okutobala adafika ndi thukuta lake
dzanzi osachoka.
Chisa chinkandipulumuka ndikamapesa.
Kuyanika zovala pachingwe kwathu ku Chilomoni,
nyerere zinkatsika kuchokera m'khosi,
kudutsa m'khwapa, kukamanga msasa m'chigongono.
Mayi ankati ndagonera mkono.
Ine ndinkati eya.

Ku Gulupu dokotala wachitsikana, wa mpata kumano,
adati kwezani manja ngati mwakumana ndi apolisi,
fumbatani, tambasulani, fumbatani,
musaleke mpaka ndinene.
Mphindi imodzi isanathe wamanzere udagwa wokha,
wotuwa ngati chinangwa chosenda.

Adajambula papepala la mankhwala:
ili ndi fupa lopingasa pansi pa khosi,
iyi ndi nthiti yoyamba,
pakati apa pali kanjira
kopapatiza ngati ka pakati pa mabenchi mumsika wa Limbe.
Mitsempha yopita kuzala imadzera pomwepo.
Minofu imene mwaimanga zaka zisanu ndi zinayi
yamanga okala panjira.

Ndidaseka. Iye sadaseke.
Miyezi itatu ya mafizo, adatero, kenako tidzaone.
Mpikisano unali patangotsala masabata awiri.

Lero ndimakhala m'mphepete, pa mpando wapulasitiki wothyoka mwendo,
wotchi ya a Likoswe ili m'dzanja lamanja.
Mu mzere wachinayi, umene unali wanga,
mukusambira Nasimelo, wa Fomu 1,
amamenya madzi ngati amutukwanira mayi ake.
Ndimawerenga masekondi ake mokweza.
Akakhudza khoma amayang'ana ine, osati wotchi.

Dzulo potuluka ndidamuona akukutumula zala,
akuziyang'ana, akuziluma pang'ono.
Ndidati bwera kuno.
Kweza manja.

Iye adakweza, akuseka,
madzi akuchucha m'zigongono,
ine n'kuyamba kuwerenga.