Mndandanda wa Kuseri kwa Lisiti

Kwatsala masiku asanu ndi anayi.
Chipale cha mu Epulo chikusungunuka m'mbali mwa msewu wa Mahoning,
chakuda bii ngati phulusa lonyowa,
ndipo ine, wothira mchere m'misewu ya Youngstown,
ntchito yandithera m'manja mpaka dzinja lina.
Ndakhala m'kantini ya Dolores, khofi wapola,
ndikulemba mayina kuseri kwa lisiti
ngati kuti eni timu adzandiimbira foni.

Woyamba: Lucius Bramlett.
Musandiuze za oponya mpira osalala aja,
a mano oyenera pa chikwangwani.
Chikomekome cha mkuyu.
Woponya tili naye kale, kungoti chaka chatha
anagona chagada pa kapinga kuposa chidakwa.
Ndikufuna khoma.
Ndikufuna chimnyamata cha ku Mississippi ichi,
mapewa ngati chitseko cha galaja,
mapazi opepuka ngati wovinira mkwati.
Akuti mikono yake njaifupi, anayeza ndi tepi.
Ine ndinamuona mu Novembala, mvula ikukhuthuka,
akukankha amuna awiri ngati ngolo za m'sitolo,
atatha n'kudzutsa mmodzi, kumusasa matope kumsana.

Stosh akusuzumira pa phewa langa, akuseka.
Akuti khoma siligoletsa.
Stosh anagwira ntchito ya zitsulo zaka makumi atatu
koma sanaphunzire kuti mlatho umaima pa zimene sizioneka.

Wachiwiri ndafufuta katatu.
Mwana wanga Marnie akuti titenge Jaquez Fontenot,
wowakha mpira uja amathamanga ngati wathawa ngongole.
Anaimba kuchokera ku Columbus usiku,
mphindi makumi anayi, za Fontenot yekhayekha.
Za lendi sitinakambe, za mwamuna wake uja sitinakambe.
Bondo lake anang'amba kawiri, ndinatero.
Inunso anakung'ambani, bambo, anatero, koma mukuyendabe.
Ndamulemba. Pensulo yokha, osati cholembera.

Ulendo wachitatu, wachinayi, anthu amayamba kuyasamula,
wailesi ya kanema n'kumaonetsa malonda a matayala.
Apa ndi pamene ndimatchera khutu.
Kuli kamnyamata ku koleji ina ya m'minda ya chimanga,
Emmett Sarkela, wolanda mipira kumbuyo,
kochepa thupi, kamaso ngati khoswe wa m'nkhokwe.
Palibe akukatchula.
Ndinakaonera pa foni ya m'manja, m'chigalimoto, fili koloko ya m'mawa,
mchere ukuwazika kumbuyo kwanga,
ndipo ndinakuwa ndekha mpaka galasi linachita nthunzi.

Kunyumba, pamwamba pa filiji, pali chitini cha mabisiketi.
Muli malisiti makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Pa mayina onsewo timu inatenga limodzi,
ndipo mwiniwake anathyoka akakolo masewera ake achiwiri.
Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Mzere womaliza unali wa Lorraine.
Iye sankaona liwiro, sankawerenga mapaundi.
Ankadikira kamera ipite pa mpando wa kunyumba kwa mnyamatayo,
aone mmene akukumbatira mayi ake foni ikalira.
Uyo, ankatero, uyo sadzatichititsa manyazi.
Ndinkamuseka. Ankalondola kuposa ine.
Chino n'chaka chachitatu mzerewo uli mbee.

Dolores akufunsa ngati awonjezere khofi.
Stosh wabwerera ku nyuzipepala yake.
Panja basi yawaza madzi a chipale pa zenera.

Lachinayi likudzalo adzakwera pa nsanja munthu wa suti,
adzatsegula envulopu,
adzatchula dzina limene sindinalembe.
Ndidzatukwana, ndidzazimitsa kanema,
ndidzayatsanso.
Pofika Loweruka ndidzakhala nditaloweza kwawo kwa mlendoyo,
msinkhu wake, dzina la mayi ake,
n'kumauza Stosh kuti ndinamuona kalekale.

Koma lero lisiti lidakali langa.
Bramlett. Fontenot. Sarkela.
Ndi mzere umodzi pansi,
umene ndaupinda kuti usanyowe.