Wachisanu ndi Chiwiri

Ndinabadwa Lachitatu, magetsi atangoyaka,
m'kasitolo ka fotokope kuseri kwa depoti
pa boma la Mangochi, fumbi la akabaza likulowa pakhomo.
Makina anakhosomola, kuwala kunadutsa,
ndinatuluka wofunda ngati mandasi.
Asanu ndi mmodzi anali atanditsogolera,
asanu ankabwera pambuyo,
tonse chibakera m'mwamba, tonse dzina limodzi:
Mwazika.

Anatijambula Jafali wa Fomu 2
ndi bolopeni yakuda m'kope la masamu.
Akuti mayi anga anamwa za m'botolo lachilendo
limene linagwa m'lole pa mlatho wa Shire,
ndiye ndinabadwa ndi zala zisanu ndi ziwiri dzanja lililonse
ndi mphamvu iyi: ndikaomba m'manja ndimakhala awiri,
ndikaombanso, anayi.
Pa tsamba lachitatu ndazinga mbava za njinga ndekhandekha,
ndili kutsogolo, ndili kumbuyo,
ndili pamwamba pa nsanja ya wotchi.
Jafali sanalembe kuti ndewu ikatha
ndani mwa ife amabwerera kunyumba kukagona.

Anatigulitsa pa geti la sukulu, mazana awiri mmodzi.
Woyamba anakulungira zitumbuwa kwa M'baluku,
mafuta anamulowa pachifuwa, dzuwa limaonekera.
Wachinayi, Asiyatu anamufiiritsa milomo,
anamuveka duku, ndipo akuti zamukhala.
Wachisanu ndi chinayi analowa m'chikwama cha mlamu wa winawake
n'kupita ku Joni wopanda pasipoti.
Wotsiriza inki inamuthera:
nsapato zilipo, lamba alipo, chibakera chilipo,
koma pankhope pali mbee.
Ine ndimagona pansi pa matiresi kwa Mpondasi,
mwini wanga amandiwerenga ndi tochi ya foni,
milomo ikuyenda popanda mawu.

Titati takumana pamsika tonse,
sindidziwa kuti moni wake angakhale wotani.
Mwaswera bwanji, achimwene?
Kapena: ndaswera bwanji?

Pagalasi la makina aja panali mng'alu,
ndiye tonse khumi ndi awiri tili ndi mzere
wochoka pa diso lamanzere kutsikira kuchibwano.
Wa m'kope la masamu analibe.
Nkhope yake see, yosalala,
iyeyo ndiye weniweni, ankatero Jafali,
enanu ndinu ana a makina.

Koma anyamata pa geti anafunsa:
chipseracho anachitenga kuti?
Wina anati ng'ona,
wina anati chikwanje cha bambo ake omupeza,
ndipo potero mawu ake ananjenjemera pang'ono.
Anakangana mpaka belu.
Jafali anangoti duu.
Madzulo anandibwereka kwa mwini wanga, usiku umodzi wokha,
anandigoneka pambali pa kope, anatenga rula,
n'kulemba mzere pankhope pa weniweni uja,
diso mpaka chibwano,
akuyang'ana kwa ine, kwa iye, kwa ine,
kuti asaphonye.

Ndiye ndiuzeni, inu odziwa masamu,
akuonera mnzake ndani?

Dzinja lino denga la kwa Jafali ladontha.
Kope lafufuma, masamba amatirirana,
weniweni wasungunuka, watsala banga lakuda
pakati pa samu ziwiri zosatheka.
A Fomu 1 akufuna nawo nkhaniyi.
Jafali wazungulira kufuna amene akanali wathunthu
ndipo wapeza ine,
wopindika pakona, wonunkha matiresi.

Mawa andigoneka chafufumimba pagalasi lomwe lija.
Kuwala kudutsa, ndipo atuluka khumi ndi awiri ena,
aliyense ndi zipsera ziwiri,
changa ndi chake.
Iwo adzanditcha weniweni,
ndipo sindidzakhala ndi pakamwa powauza.

Sindinaombe m'manja ine.
Palibe anandifunsa.