Kachidutswa Nambala 47

Ndinaligula kwa Zakeyu wa kaunjika
kuseri kwa depoti ya basi pa Kasungu,
bokosi lofwifwa, lodyedwa ndi chinyontho pakona,
lotuluka m'belo limodzi ndi zidole zopanda mikono.
Pachivundikiro kasinja akukwera mulu wa matope,
ndege ikumudutsa pamutu, kumphuno atayijambula mano.
Zakeyu analikhutchumula pakhutu nati,
"Zathyokathyoka izi, ingondipatsani ya kabaza."

Sizinathyoke.
Zinali zisanabadwe.

Tizidutswa totuwa ta pulasitiki tili ndandanda,
tolendewera ngati fodya pa mikangala,
kalikonse ndi nambala yake.
Pepala la malangizo lili m'chinenero cha eni ake,
koma muvi ndi muvi kulikonse,
ukaloza apa ndiye kuti apa.

Masana ndimasankha fodya ku esiteti.
Zala zanga zimadziwa tsamba labwino maso ali kwina.
Usiku zala zomwezo zimanjenjemera
ndi kagudumu kochepa ngati njere ya therere.
Lezala, supagulu, kopanira nsidze ka mayi a Tiyese
kamene mpaka lero akukafunafuna.
Magetsi akathima ndimaluma foni
kuti tochi iloze pomwe mpweya wanga sukufika,
chifukwa kungotsokomola kamodzi
chitseko cha kasinja chili pansi pa kama.

Kagudumu kena kanagwa pakhonde Loweruka.
Thadzi la aneba linafika msanga kuposa ine.
Pamenepo pali batani la malaya anga a kutchalitchi.

Nambala 47 ndiyo sinabwere n'komwe.
Ndinakhuthula bokosi, ndinasenda zomata zonse,
ndinabwerera kwa Zakeyu kukapinda mathalauza m'matumba.
Mzinga weniweniwo, mphuno ya kasinja,
unatsala kutsidya kwa nyanja zamchere,
mwina pansi pa mpando wa munthu.
Ndinadula chubu cha bolopeni ya Tiyese,
ndipo kasinja wanga amaloza khoma
ndi kadontho ka inki kukamwa.

A Lunguzi, amene amalondera golosale ya pamsewu,
anavalapo yunifolomu zaka zambiri.
Anamunyamula pachikhatho, kumutembenuza, kumusuzumira kumimba.
"Muno mumatentha ngati m'balani," anatero,
"ndipo mnzako akakuwa sumumva."
Ndinadikira kuti apitirize.
Iwo anangopukuta chala pa unyolo wa magudumu.
"Wayera kwambiri. Ameneyu sanapite kulikonse."
Atachoka ndinakatapa dothi lofiira kuseri kwa bafa,
kulisefa pa sokosi, kulipaka ndi nthenga.
Tsiku lotsatira anamuyang'ana ali chiimire pakhomo.
Sanalowe.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ndege.
Phiko lakumanzere ndinalipeza lomata kale,
lopendekera pang'ono, guluu atasefukira.
Wina anayamba.
Pa guluu woumayo padadindika chala chake,
mizere yonse ikuoneka, ngati pa chitupa cha mavoti.
Anamata phiko limodzi, natseka bokosi.
Anaitanidwa kukadya?
Anatopa nazo, anakula, anasamuka?
Kaunjika sanena za eni ake,
majekete ambiri tikuvalawa sitifunsa.

Ndinamata phiko lakumanja mopendekera dala
kuti awiriwo asanyozane.
Ndinapaka penti yotsala ya zitseko za kusukulu,
yobiriwira kuposa ya pachithunzi,
koma pa chala chija ndinazungulira.

Tsopano ikulendewera ku mtanda wa denga
pa ulusi wa makina osokera.
Munthu akatsegula chitseko imatembenuka yokha,
kuloza kuphiri, kenako kumsika.
Tiyese akuti iuluka liti.
Mayi ake akuti miyezi itatu yonseyi
bwenzi nditakonza mpando wothyoka uja.
Sakunama.

Dzulo ndinakwera pa mpando womwewo,
ndi kuika chala changa pa chala chija.
Changa chinaphimba chonse, n'kutsalako malo.
Anali mwana.