Pamwamba pa wadiropu, ku Matawale

Laputopu yosweka galasi
ndinaigula kwa Che Mdoka kuseri kwa msika
pa mtengo wa matumba awiri a makala.
Iwo anati yafa. Ine ndinati yafa maso okha.
Lero imakhala pamwamba pa wadiropu,
pakati pa sutikesi ndi nsapato za ukwati,
kupuma pansipansi ngati mphaka,
usana ndi usiku, osazima.

M'mimba mwake muli nyimbo zikwi zinayi ndi mazana atatu.
Ndinaziwerenga.
Zina ndi za m'mafulashi a anzanga a ku Chanco,
zina za masidi okandika,
koma za pamtima ndi za makaseti a bambo,
katoni ya sopo yodzaza, yonunkha mphemvu.
Juni yense, chiperoni chikutsika m'phiri
kudzanyowetsanso zovala pachingwe,
ndinkazunguliza tepi ndi bolopeni,
zoduka n'kumata ndi utoto wa zikhadabo,
kuwolotsa nyimbo imodziimodzi
ngati ana a sukulu pa Likangala wosefukira.

Mkazi wanga amati,
bwanji osangolipira za pa intaneti ngati anzanu?
Kumeneko ndi nyumba ya lendi, mayi,
mwezi ukatha katundu panja.
Komanso anyamata a ku Jali aja,
ojambula kaseti imodzi n'kubalalika,
wina kuusodzi, wina kumanda,
kumeneko sawadziwa.

Tsopano ndikakwera kabaza m'mawa
foni m'thumba imagogoda kwathu,
rauta imatsegula,
nyimbo n'kunditsatira mumsewu ngati galu wanga.
Tikafika pa Mponda netiweki imatsamwa,
gitala amaima ndi mwendo umodzi,
kudikira,
kenako n'kuponda.

Fayilo ya nambala 212 ilibe dzina.
Bambo ankajambula za pa wailesi Loweruka masana.
Pa mphindi yachitatu chitseko chimalira,
mawu awo amalowa pamwamba pa ng'oma:
"Mwandida, tseka apo, ndikujambula."
Kutsokomola kawiri.
Kamwana kuseka, kukana kutseka.

Mwandida ali ku Joni.
Zaka zinayi sitilankhulana,
chiyambireni nkhani ya puloti ya ku Sadzi
yomwe tinakokerana nkhata zisanafote.
Mawu achinsinsi ndinamutumizira pa Khirisimasi,
opanda moni, opanda dzina.
Sanayankhe.

Koma makinawa ali ndi kaundula,
salemba miseche, amangolemba nthawi.
Lachiwiri ndinkafufuza chifukwa chomwe bandulo ikuthera msanga.
Ndinapeza mlendo:
2 koloko ya usiku, kuchokera kutali,
212.
Lachitatu, 212.
Usiku wina kakhumi ndi kamodzi,
ndipo safika kumapeto.
Amabwerera pa mphindi yachitatu,
pomwe chitseko chimalira.

Ndinakhala pabedi foni ili m'manja.
Nambala yake ndimaidziwa pamtima.
Sindinaimbe.

Lachisanu magetsi anathima 1 koloko,
Matawale yense bii,
achule okha m'ngalande.
Ndinaganiza za munthu m'kachipinda kozizira
akudina, akudinanso,
kabwalo kakungozungulira pagalasi,
n'kumati mchimwene wanditsekera.

Loweruka ndinatsikira kwa okonza galimoto.
Ndalama ya makatani
ndinagulira batire yakale ya minibasi
ndi kabokosi kosinthira moto.
Ndinazikweza pamutu ngati nkhuni,
anyamata a kabaza akundiseka.
Mkazi wanga anayang'ana mawaya otsika m'khoma,
anayang'ana zenera lamaliseche,
anayang'ana ine.
Anangoti, musaotche nyumba.
Kenako anachotsa nsapato zija
kuti mpweya uzipita bwino.

Usiku uno magetsi athimanso.
Phiri silikuoneka.
Kagetsi kobiriwira kokha kakuphethira kudenga.
Ndagona chagada, sindikumvera nyimbo iliyonse,
ndikumvera kafani.
Kakazungulira mofulumira pang'ono
ndidziwa kuti wafika,
waima pakhomo paja,
bambo akumuuza kuti atseke,
iye akuseka,
osatseka.